Ming'alu ya Khoma Lakuseri

3 Malichi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, amuna ako ndi mdzukulu wanga. Kuno tadzuka. Bondo langa ndi lomwe lija, limadziwa za mvula wailesi isanalengeze. Abambo ako ali bwino, akudya bwino, akutsutsanso bwino.

Nkhani ndi ya nyumba. Khoma lakuseri lang'aluka. Mng'alu waukulu wayambira pakona ya windo la chipinda chako chakale n'kutsika mokhotakhota mpaka pansi. Ndinapisamo chala chaching'ono, chikhadabo chonse chinalowa. Ina ndi yopyapyala ngati tsitsi, yangoti balala khoma lonse. Mvula ikawomba mbali imeneyo, m'chipindamo mumanunkha chinyezi, ndipo penti ya mkati yayamba kusupuka.

Ndinawaitana abambo ako kuti adzaone. Anaima patali, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Mayi, iyi si ming'alu, ndi makwinya. Khoma la zaka makumi atatu mukufuna likhale losalala ngati tsaya la khanda? Nanga inuyo nkhope yanu ndinaiitanirapo mmisiri?" Tsiku limenelo tiyi anadzithirira okha.

Ukudziwa kuti pulasitala ameneyu anapaka ndi iwo eni, chaka chimene unayamba sukulu. Amanga nyumba za anthu moyo wawo wonse, ndiye kuvomera kuti yawo ikudwala kukuwavuta. Koma ndikuuze zimene iwo sangakuuze. Manja awo akunjenjemera kuposa chaka chatha. Kapu akumaigwira ndi manja awiri. Sabata yatha ndinawapeza atatsekula bokosi lawo la zida, atanyamula mpeni womangira, akungouyang'ana ukugwedezeka m'dzanja. Atandiona anaubweza, n'kukhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba.

Ndiye okha sangathe, ndipo wina sakumufuna. Iwe ndi amene amakumvera, paja si pachabe anakutcha Kapitawo uli ndi zaka zisanu. Uwalembere.

Undiuze za mdzukulu wanga, mano akutsogolo aja anamera? Ndipo amuna ako bwanji, makalata awiri apitawa sunawatchule.

Ndine amayi ako.


19 Malichi

Amayi ndi Ababa,

Moni wochuluka. Ndikulemba ndili kudepoti, basi yanga akuitsuka, ndiye ndili ndi theka la ola. Ine ndili bwino. Mdzukulu wanu mano anamera awiri akuluakulu ngati zitseko za galaja, ndipo akufuna aliyense wokwera basi awaone.

Ababa, za makwinya ndamva. Komatu makwinya a Amayi salowetsa madzi m'chipinda. Si inu amene munkandiyendetsa m'nyumba za anthu, kundinyamulitsa tepi, n'kumandiuza kuti mng'alu wolowa chikhadabo usamaulekerere nyengo ziwiri za mvula? Ndinali wamng'ono koma makutu ndinali nawo.

Ndalankhula ndi mnzanga uja tinkaphunzira limodzi, amene pano amagulitsa mankhwala kufamase. Ali ndi mlamu wake wodziwa ntchito ya pulasitala. Abwera kudzaiona nyumba kumayambiriro a mwezi wamawa. Za malipiro musaziganizire, tamvana kale. Ababa, ndikupempha chinthu chimodzi chokha: mlendoyo mumupatse mpando musanayambe kumufunsa mafunso a mayeso.

Amayi, mundithandize izi. Mupemphe wina ajambule nyumba mbali zonse zinayi, munditumizire zithunzi. Muyezenso chipinda chakuseri, m'litali ndi m'lifupi. Windo lake limatsekekabe bwino? Nanga denga pamenepo silidontha? Ndikufuna kudziwa mmene nyumba yonse ilili, osati khoma lokha.

Akuti basi yauma. Ndiyenera kupita, anthu a kuno ukachedwa mphindi ziwiri amakuyang'ana ngati wawabera.

Ndine mwana wanu,
Kapitawo.


7 Epulo

Mwana wanga,

Landira moni wathu. Zithunzi ndi izi, anajambula ndi a telala oyandikana nafe, ndiye chala chimene ukuchiona pakona ndi chawo.

Mmisiri wako anabwera Lachiwiri. Iwe mwana, bwanji sunanene kuti ndi mayi? Abambo ako anavala jekete, atakonzeka kulimbana ndi mwamuna mnzawo. Pageti panaima njinga yamoto, n'kutsika mayi wojintcha wa ovolosi, wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, pensulo ili kukhutu. Abambo ako anamufunsa kuti, "Amuna anu akubwera pambuyo?" Iye anati, "Ali kunyumba, bambo, akuchapa." Ndinathawira kukhitchini kukaseka.

Mpando anaukana. Anapita kuseri, natulutsa kahamala, n'kuyamba kugogoda khoma pang'onopang'ono ndi chigwiriro chake, khutu ali nalo pafupi. Pena pankamveka polimba, iye n'kuti, "Apa ndi pamoyo." Pena pankamveka ngati chigubu chopanda kanthu, n'kuti, "Apa pasiyana ndi njerwa," n'kuzunguliza ndi choko. Abambo ako amutcha kale dzina, akuti a Gogodani.

Mayeso sanalephereke. Anamufunsa za kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, za kusefa mchenga, za masiku othirira madzi. Anayankha zonse osasiya kugogoda. Kenaka iye n'kufunsa kuti, "Anapaka pulasitala ameneyu ndani?" Abambo ako anatukula chifuwa kukonzekera ndewu. Iye anati, "Ameneyo ankadziwa ntchito. Wa masiku ano zaka khumi safika. Cholakwa si mmisiri, ndi madzi a padenga. Ngalande yapindika apo, ndiye mvula yonse imakhuthukira pakona pomwepa." Abambo ako anatsokomola, nakatenga okha mpando uja.

Asanachoke anajambula timizere ta pensulo modutsa mng'alu waukulu, n'kulembapo tsiku. Akuti adzabwera pakatha mwezi. Timizereto tikadzasemphana ndiye kuti maziko akuyenda, nkhani yakula. Tikadzakhala pomwepo, ndi pulasitala chabe.

Zonse zinali bwino mpaka madzulo, pamene a telala anabwera kudzacheza. Anayamba kusimba za akulu awo, kuti ana awo a kunja anayambanso chonchi: zithunzi, tepi, munthu wodzaona nyumba. Miyezi itatu isanathe nyumba inagulitsidwa, mkuluyo ali m'kachipinda kosanja kwa mwana wake, kuwerenga magalimoto pawindo. Ine ndinaseka. Abambo ako sanaseke. M'mawa mwake anandipeza ndikuyeza chipinda chako ndi tepi yanga yosokera, anangoima pakhomo n'kutuluka. Ziwathera, ndimawadziwa.

Chipindacho ndi mamita anayi m'litali, atatu m'lifupi. Windo limatsekeka ukalimenya ndi chigongono. Denga silidontha.

Ndafunsanso za amuna ako kachitatu tsopano. Ine ndine mayi, ndimawerenga ndi zimene sunalembe.

Amayi ako.


22 Epulo

Amayi ndi Ababa,

Moni. Zithunzi zafika, chala cha a telala chafikanso bwino.

Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Amayi, mwafunsa katatu, ndikuyankheni. Bambo a mwana anachoka mu Novembala. Panalibe ndewu, panalibe kumenyana. Anapeza wina, anandiuza maso ndi maso, natenga zovala zake. Mwana amamuona Loweruka, pamene wakumbukira. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaganiza kuti ndikhoza ndekha, ndiponso ndinkachita manyazi. Ababa, munandifunsa tsiku lija ndinadzamuonetsa kwa inu kuti, "Wamugogoda bwinobwino munthu ameneyu?" Ine ndinakuyankhani mwamwano.

Ndayesetsa miyezi isanu. Basi yoyamba imanyamuka mwana asanadzuke, ndiye ndimamusiya kwa mayi wina wa pansi pathu, amene ndi wabwino koma wakalamba. Tsiku lina ndinabwerako n'kumupeza mwana atakhala pamasitepe ndi chikwama chake, akundidikira, mayiyo atagona pampando. Sanalire. Anangoti, "Ndimadziwa kuti mubwera." Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga suli kuno.

Ndikufuna kubwerera kwathu, ine ndi mwana, sukulu ikatsekera mu Julaye. Ndi chifukwa chake ndinkafunsa za chipinda chakuseri, ndimafuna kudziwa ngati mungalowe mabedi awiri, ndiponso mwanayu chifuwa chake sichigwirizana ndi chinyezi. Sindidzakhala chikhalire. Laisensi ndili nayo, ndipo basi ndi basi kulikonse. Ndikangopeza ntchito ndi pokhala, tidzakupatsani mpata.

Ndikudziwa kuti si mmene munkafunira kuti ndidzabwerere. Ngati n'zovuta, mundiuze mosabisa, sindidzakwiya.

Envelopu yanenepa chifukwa mdzukulu wanu waikamo zojambula zake zitatu ndi lipoti la kusukulu. Akuti Agogo aamuna aone masamu, Agogo aakazi asaone za kulongolola m'kalasi.

Mwana wanu,
Kapitawo.


9 Meyi

Mwana wanga,

Ndi ine bambo ako. Ukaona zilembo zikuvina usadabwe, tebulo lino mwendo umodzi ndi waufupi. Tili bwino. Ndikhulupirira nawenso uli bwino pamodzi ndi a kunyumba kwako.

Sindichulutsa mawu. Ndikudziwa chimene ukufuna ndi nyumba ino. Mawu ake sindiwalemba n'komwe papepala. Yankho langa ndi lakuti ayi.

Nyumba ino ndinaimanga Loweruka ndi Loweruka kwa zaka zinayi, nditatopa kale ndi nyumba za eni ake. Njerwa iliyonse inadutsa m'manja mwanga. Ine ndi amayi ako tinazolowera mmene tikukhaliramu, awiriwiri, ndipo sitikufuna kusinthidwa. Pamene ndili moyo, muno simulowa katundu wa munthu wina. Chipinda chakuseri chikhala mmene chilili, kaya ndi mamita anayi kaya ndi khumi.

Unasankha kukakhala kutali, sitinakuletse. Ifenso utisiye mmene tilili. Zimene wakonzazo ukonzere kwina.

Amayi ako sakudziwa kuti ndalemba. Ndikaponya ndekha.

Usaganize kuti ndakwiya. Ndangonena.

Bambo ako.


25 Meyi

Ababa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndamva. Pepani kuti ndinapempha. Tipeza kwina.

Amisiri aja muwalole amalize khoma, zimenezo sizikusintha. Moni kwa Amayi.

Mwana wanu.


11 Juni

Mwana wanga, mwana wanga,

Moni ndikupatsa pambuyo. Choyamba ndi ichi: bwera. Bwera ndi mwana, ndi katundu yense, ndi mano ake akuluakuluwo. Kalata yako ya mu Epulo taiwerenga dzulo. Dzulo lenilenili. Khala pansi ndikuuze zimene anachita abambo ako.

Ndiyambire pakhoma. Pakati pa Meyi chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati thireyi chinagwa n'kuphwanya mpando umene iwo amakhalira pothawa dzuwa. Mwamwayi anali atapita kukamwa madzi. Sindinafunse munthu, ndinaitana amisiri. Anayang'ana timizere tawo ta pensulo, tili pomwepo, sitinasunthe. Maziko ndi abwino. Abambo ako anati, "Ndinanena ine," ngakhale sindikumbuka kuti ananena liti.

Ntchito inayamba. Amisiri anawongola kaye ngalande ya padenga. Kenaka anagwetsa pulasitala yense womveka ngati chigubu, n'kukulitsa mng'alu waukulu ndi tchizulo. Abambo ako anadandaula kuti tinaitana munthu wodzatseka, iye akutsekula. Amisiri anati, "Bambo, mukudziwa bwino kuti matope sagwira pakamwa popapatiza." Anasesa fumbi ndi burashi, ananyowetsa njerwa, anaika waya wa sefa pamng'alupo, napaka koyamba n'kukandakanda ndi msomali kuti kwachiwiri kudzagwire. Abambo ako tsiku lonse ali pambuyo pawo, manja kumbuyo: mchenga wachuluka, madzi achepa. Amisiri ankangoti, "Chabwino, bambo," n'kumachita zimene amachita kale.

Kakalata kako kafupi kanafika ntchito ili mkati. Ndinakawerenga katatu osamva mutu wake. Ndinafunsa abambo ako kuti, "Mwanayu anapempha chiyani? Apeza kwina chiyani?" Iwo anati, "Nyumba ina yogulitsa. Akagulitse ya apongozi ake." Apo m'pamene anaulula kuti anakulembera. Ndinawafunsa kuti mawu oti kugulitsa anawaona pati. Anati munthu wanzeru sadikira kuuzidwa. Sabata imeneyo tinkalankhulana kudzera kwa amisiri.

Dzulo ndiye linali tsiku lopaka komaliza. Amisiri anayesa pakona, n'kuima, n'kupukusa mutu. Pulasitala wakale ali ndi timizere tozungulira ngati mafunde, ndipo wawo ankatuluka wosalala, chigamba chikuonekera patali. Anayesa ndi siponji, anayesa ndi burashi, osatheka. Kenaka anati, "Bambo, apa ndagonja. Munkasalaza ndi chiyani?" Ukanawaona abambo ako. Anayenda ngati mnyamata kukatenga bokosi lija, limene sanalitsekule pamaso pa munthu chaka chonse. Anatsekula loko pabwalo pomwepo, natulutsa thabwa lawo losalazira, lija anasema okha. Pansi pa thabwalo panali envelopu yonenepa, ya masitampa a kwanuko, yosatsekula.

Ndinati, "Ichi n'chiyani?"

Anati, "Mapepala osainira. Ndinakatenga kupositi ofesi mwezi watha. Kalata wamba sinenepa chonchi."

Ndinaing'amba pomwepo. Munagwa chithunzi cha basi yofiira yokhala ndi mawilo asanu ndi awiri. Ndinayamba kuwerenga mokweza kuti ndiwachititse manyazi, koma nditafika pa za mwana pamasitepe mawu anandithera. Amisiri ndi munthu waulemu, ananyamula ndowa n'kupita kukathirira khoma limene anali atathirira kale.

Abambo ako anakhala pa chidebe chovundikira. Anatenga kalatayo, naiwerenga okha kuyambira pamwamba, pepala likugwedezeka. Atamaliza anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ine ndinamuyankha kuti chiyani?" Ndinati, "Mukudziwa ndinu, paja munakaponya nokha." Anakhala pamenepo mpaka matope a mu wilibala anauma, amisiri anachita kukanyanso ena.

Mwana wanga, miyezi yonseyi unanyamula wekha zimenezi? Manyazi ake ati? Za bambo a mwanayo tidzakamba ukadzafika, kapena osakamba n'komwe, udzasankha ndiwe. Ndipo zoti mudzatipatsa mpata uzisiye. Mpata tili nawo wambiri, ndi umene ukuwapangitsa abambo ako kumvera nkhani za a telala.

Mabedi awiri alowa, ndayeza kale. Lipoti ndaliona lonse, ndi za kulongolola zomwe. Akutengera agogo ake aamuna.

Tsopano landira moni. Abambo ako akulemba yawo patebulo, akuti ndisaone. Ndiona.

Amayi ako.


11 Juni

Kapitawo,

Ndi ine bambo ako. Tebulo lilibe vuto, ndi manja angawa.

Ndinalakwa. Ndinayankha kalata imene sindinawerenge. Ndinkaopa kuti ndikaitsekula ndipezamo mzere wosainapo dzina langa, ndiye ndinaitsekera m'bokosi kuti ikhale chete. Kalata yanga ija uing'ambe. Ngati unaisunga kuti udzandiwerengere pamaso pa amayi ako, ndivomera, koma udikire ndidye kaye.

Pamene ndinalemba za katundu wa munthu wina, ndinkanena anthu ogula. Iwe si munthu wina. Chipinda chija sindinachipatsepo dzina lina chichokere iwe.

Za khoma, lipoti ndi ili. A Gogodani ndi mmisiri. Usawauze kuti ndatero. Thabwa langa linawakanika, ankalikankha ngati akusita malaya. Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo kuti ndiwaonetse kazungulizidwe kake, ndipo mafunde anatuluka bwino kuposa akale. Iwo akuti ndi kunjenjemera kwangaku kukuthandiza, ndipo akufuna azinditenga kuntchito zina. Sindikudziwa ngati akundinyoza. Ndavomera Lachinayi lokha.

Tithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi. Kenaka khoma lipume milungu inayi lisanapakidwe penti. Mkati ndauza amisiri apale penti yosupukayo, windo likhale lotsekula masana onse, kuti mwana adzapeze mouma. Windolo ndalipala m'mbali, tsopano likutsekeka ndi chala chimodzi.

Pali mlandu umodzi wofuna iwe. Amayi ako akufuna penti yobiriwira. Ine ndikuti nyumba si kabichi. Tagwirizana kuti aweruze ndi mdzukulu. Umufunse, ndipo umuuze kuti masamu ake ndaona, ndakondwa, komanso kuti basi ya mawilo asanu ndi awiri ndaikhoma pabalaza. Ngati zimenezi zingamuthandize kusankha mbali, si vuto langa.

Utiuze tsiku ndi ola. Ndidzakhala pageti. Sindidzakufunsa funso lililonse, ngakhale limodzi. Ndidzanyamula sutikesi yaing'ono ndi dzanja la mwana. Yaikuluyo udzanyamule wekha, unachoka nayo wekha ndipo njira ya kuchipinda ukuidziwa.

Bambo ako.